Thumba la Loweruka

Nasinu, 8 Meyi 2021

Okondedwa achimwene a Peniasi,

Moni kwa inu, kwa alamu anga a Sainimili ndi kwa onse pamudzipo. Ine kuno ndili bwino. Amayi nawonso alipo, koma osati kwenikweni.

Kalatayi ndapatsira Sekove wa lole, chifukwa foni kwanuko mpaka mukwere phiri, ndipo mukakwera mumangoti, "Amayi ali bwanji?" ine ndisanayankhe mwadula kale. Sekove amafika Loweruka lililonse ku Sawani, pamene apolisi atchinga msewu chifukwa cha kolona. Iye amatsitsa matumba mbali yake, ife timatola mbali yathu, osapatsana ngakhale chanza. Muziika kalata m'thumba, ine ndiziyankha.

Amayi anabwera kudzangotsukitsa chilonda cha kuphazi chija kwa masabata awiri, koma taonani, atsekeredwa kuno. Chilondacho sichikupola, ndipo shuga wawo wakwera kwambiri. Kufakitale kumene ndimasoka zovala anatseka, ndiye tikudya zimene akugawa: mpunga, fulawa, shuga, manudozi ndi nsomba za m'chitini. Sindikunyoza ayi, zikutisunga. Koma nesi amene amabwera kudzamanga chilondacho, a Sisita Ilisapeci, anatsegula kabati yanga n'kupukusa mutu.

"Makelesi, mayi ako akudya zoyera zokhazokha. Chobiriwira chili kuti m'nyumba muno?"

Ndinaloza katani ya pawindo. Sanaseke.

"Matenda a kolonawa akubwera kuno, ayamba kale kulowa m'makomo a kumunsiku. Akadzawapeza mayi ako ali chonchi, thupi lawo lidzalimbana nawo ndi chiyani?"

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Musatumize ndalama. Kumsika anthu amapanikizana, ndikuopa kukatola matenda n'kuwabweretsera Amayi. Tumizani masamba: bele, masamba a dalo, ota wa m'mbali mwa mtsinje. Ngati alipo mandimu ndi mapapaya muikenso. Zimene zili kuseri kwa nyumba yanu basi.

Ndine mlongo wanu,
Makelesi

Kumudzi, Naitasiri, 15 Meyi 2021

Mlongo wanga Makelesi,

Moni. Kuno tonse tili bwino, mvula yokha ndiyo yachuluka.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Wati ndisatumize ndalama, nditumize za kuseri kwa nyumba. Ndamva. Ndikudziwa kuti iwe ndiwe wa m'tauni, ine ndine wa khasu, koma sindinasauke mpaka mayi anga azidya masamba ngati mbuzi pomwe ali kuchilendo ndiponso akudwala. Anthu pa Sawani paja amayang'ana zimene zikutsika m'lole. Ufuna adzanene kuti mwana wa Torika watumizira mayi ake mtolo wa udzu?

Ndazula yaqona wanga wa zaka zinayi, mbewu ija imene mizu yake amapangira chakumwa, n'kugulitsa. M'thumbamo upeza nyama ya m'chitini zitini zisanu ndi chimodzi, mkaka wotsekemera umene Amayi amaukonda, mabisiketi, shuga ndi zakumwa mabotolo awiri. Dalo, mizu yake yonga chinangwa ija, ndaikamo pansi. Adye akhute. Munthu wodwala amafuna chimene mtima wake ukukonda.

Uwauze Amayi kuti nkhumba yawo yaswa ana asanu ndi awiri.

Ndine mlongo wako,
Peniasi

Nasinu, 22 Meyi 2021

Achimwene,

Moni nonse. Thumba lafika, zikomo. Ndikudziwa kuti yaqona uja munkamusunga kuti mudzagulire malata, ndiye mtima unandiwawa nditamasula chingwe. Sindinatanthauze kuti ndinu osauka. Mwandimva molakwika.

Amayi ataona mkaka ndi mabisiketi anaimba nyimbo. Ine ndinazibisa pamwamba pa kabati. Lachiwiri a Sisita anayeza shuga, makina aja n'kuonetsa nambala imene sanaionetsepo. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana Amayi, Amayi anayang'ana kudenga.

"Amayi, mwadya chiyani?"

"Zimene umandipatsa iwe, mwini ndende."

Ndinakweza pilo wawo. Paketi ya mabisiketi, yatsala awiri. Munthu wa phazi lotupa anakwera bwanji pampando, sindikudziwa.

"Wanditumizira ndi mwana wanga," anatero. "Iwe unatumiza chiyani?"

A Sisita anakhala pansi n'kuwafotokozera bwinobwino, ndipo ndikulemba monga ananenera kuti nanunso mumve. Anati m'magazi muli asilikali amene amagwira tizilombo ta matenda. Shuga akachuluka asilikaliwo amachita ulesi, n'chifukwa chake chilonda sichitseka. Kuti akhale ndi mphamvu amafuna masamba, zipatso, nsomba, mazira, nyemba. Osati mulu, koma tsiku ndi tsiku, mitundumitundu. Dalo ndi chinangwa adye pang'ono, theka la mbale likhale masamba. Anatinso amene akuvutika kwambiri ndi kolona kuchipatala ambiri ndi a shuga.

Amayi anati, "Ndiye asilikaliwo sakonda mabisiketi? Asilikali anji amenewo?"

Koma a Sisita atatuluka, Amayi anandifunsa ngati phazilo adzalidula. Ndinati ayi. Sindikudziwa ngati ndinanena zoona.

Nyama ya m'chitini ija ndasinthanitsa ndi mazira kwa a Kamla, aneba anga a kuseri kwa mpanda. Musakwiye. Iwo akundipatsanso masamba a chamwamba a pamtengo wawo ndi mphodza pang'ono, koma ali ndi banja lalikulu, sindingawapemphe tsiku lililonse. Chonde, achimwene, masamba. Anthu a pa Sawani anene zimene anganene.

Makelesi

Kumudzi, Naitasiri, 5 Juni 2021

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Sabata yatha Sainimili anatumiza masamba popanda kalata chifukwa ndinali ndikuganizabe. Anandiwerengera kalata yako mokweza, pa mabisiketi paja anabwereza katatu. Chabwino, ndagonja.

Lero thumba ndi lodzaza. Muli bele, ota, masamba a dalo, mapapaya anayi, mandimu, jinja, ndi kai, nkhono za mumtsinje zija, amene Sainimili wakhala tsiku lonse m'madzi akutola. Uwaphike lero lomwe, akatsegula zigoba ndiye kuti apsa. Tizitero Loweruka lililonse, usadandaule.

Tsopano mvera. Zimene nesi wakoyo wanena za asilikali a m'magazi zandigwira mtima, chifukwa ndi zomwe tikukambirana kuno. Ngati chakudya chathu chimalimbitsa thupi, jakisoni akubaya anthuyo ndi wa chiyani? Kuno tikumva zambiri. Akuti wina ku Nausori anabayitsa m'mawa, madzulo dzanja linauma. Agogo athu sankabayitsa, ankadya za m'munda n'kufika zaka makumi asanu ndi anayi. Ife tikumwa mandimu ndi jinja m'mawa uliwonse, palibe watsokomola.

Amayi ndi okalamba, ali ndi shuga, ali ndi chilonda. Usawabayitse. Chiyambire imfa ya Bambo mutu wa banja lino ndine, ndipo ndanena. Ndaika kapepala kena ka Amayi okha, uwapatse.

Peniasi

Nasinu, 19 Juni 2021

Achimwene,

Moni. Ndiyambe ndi zabwino. Masabata atatu a masamba aoneka. Shuga watsika, sanafike pabwino koma watsika, ndipo chilonda chayamba kufiira m'mbali, a Sisita akuti ndi mnofu watsopano. Amayi amadandaula pa mbale iliyonse koma amamaliza. Muwathokoze alamu chifukwa cha kai.

Tsopano zimene simuzikonda. Lachinayi ndinapita nawo Amayi kukabayitsa katemera, inenso ndinabayitsa.

Kapepala kanu ndinawapatsa, sindinabise. Anawerenga n'kukaika m'Baibulo, n'kunena kuti sapita. Koma Lolemba ambulansi inabwera nyumba yachitatu kuchokera pano. Bambo wa pamenepo, woyendetsa takisi, wamng'ono kwa inu, anamunyamula akupuma ngati wathamanga. Lachitatu mkazi wake anauzidwa pafoni kuti wamwalira. Sanamuone, sanamusambitse. Amayi anamva kulira konse ali pawindo.

Ndinawafunsa a Sisita funso lanu lomwe, Amayi akumva. Anati, "Chakudya chimapatsa asilikali mphamvu, koma sichiwauza nkhope ya mdani. Katemera ndiye amawaonetsa nkhopeyo asanafike. Mandimu ndi abwino, koma sachiza kolona. Zonse ziwiri zimafunika, china sichilowa m'malo mwa chinzake."

Amayi anati, "Peniasi akwiya."

Ine ndinati, "Akwiye muli moyo."

Anavala okha diresi la kutchalitchi. Dzanja linawawa tsiku limodzi, silinaume. Wachiwiri tidzabayitsa mu Ogasiti.

Sindinachite izi kuti ndikunyozeni. Inu muli kumene mpweya ndi wabwino, ine ndikumva ma ambulansi tsiku lonse. Ndidzakhala pa Sawani Loweruka monga mwa nthawi zonse.

Mlongo wanu,
Makelesi

Nasinu, 10 Julayi 2021

Achimwene a Peniasi,

Moni, ngati moni wanga mukuulandirabe.

Lero ndi Loweruka lachitatu ndikubwerera chimanjamanja. Loyamba lija Sekove anabwera, anandiyang'ana patali n'kutambasula manja kuti palibe. Awiri enawa ngakhale lole yake sindinaione. Ndimaima kuyambira m'mawa mpaka apolisi atiuze kuti tizipita. Kalatayi ndapatsira dalaivala wina wa kumtunda kwanuko, kaya ifika.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Amayi alakwa chiyani? Akumandifunsa kuti thumba lili kuti, ine ndimati msewu wawonongeka ndi mvula. Dzulo anati, "Mvula yake ndi ya mwezi uno, wopanda mitambo?"

Musavutike kukwera phiri, foni ndinagulitsa. Ndinagula mazira, nsomba ndi kabichi, zatha sabata ndi theka. A Kamla akuponyabe chamwamba pampanda. Amayi sanagonepo osadya masamba ngakhale tsiku limodzi, zimenezo ndiye ndaonetsetsa. Chilonda chatsala ngati kandalama kachitsulo.

Kuno zaipa. Tsiku lililonse wailesi ikutchula mazana a odwala atsopano. A Sisita sakubweranso, awatengera kuchipatala chachikulu, chilonda ndikumanga ndekha. Nyumba zinayi mumsewu wathu azimangira nsalu yachikasu pakhomo kuti munthu asalowe kapena kutuluka.

Ndatopa, achimwene. Ndikakwera kamtunda ka pa sitolo paja ndikumaima kawiri. Tumizani ngakhale bele yekha. Kalata musalembe ngati simukufuna.

Makelesi

Nasinu, 24 Julayi 2021

Peniasi mwana wanga,

Ndine mayi ako. Zilembo zanga uzipirire, magalasi anathyoka mwendo umodzi.

Mlongo wako anamutenga Lachiwiri. Ali ku holo ya masewero imene aisandutsa chipatala, amuika mpweya wa m'botolo.

Tinayamba kudwala tonse awiri. Anatiyeza, anati ndi kolona. Ine ndinatentha thupi masiku atatu, kutsokomola pang'ono, chakudya osachimva kukoma, basi. Ine nkhalamba ya shuga, amene aliyense ankandiopera. Koma iye anangogwa ngati nthochi yodulidwa. Lachiwiri m'mawa ndinamupeza atakhala pansi m'khitchini, atatsamira kabati, milomo itachita bii. Ankafuna kundiphikira. Ndinamenya mpanda ndi ndodo mpaka Kamla anatuluka n'kuimbira ambulansi.

Mtsikana wa ambulansi anamukweza dzanja n'kundifunsa kuti, "Amayi, mwana wanuyu amadya?"

Ndinati amadya. Ndinayankha msanga, ndi ukali. Atapita ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza kuti ndinamuona liti akudya. Peniasi, sindinapeze tsiku. Ankandipatsa mbale n'kunena kuti, "Ine ndadya kale pophika." Ndikamati tigawane dzira ankati mazira amamutupitsa m'mimba. Kamla wandiuza pampanda kuti ankamuona pakhomo la kuseri ndi kapu ya tiyi ndi chigumu cha fulawa, m'mawa ndi madzulo, kuyambira kalekale thumba lisanasiye kubwera. Thumba litasiya, chigumucho chinachepanso. Siketi yake ndaipeza ataimanga ndi pini.

Ine ndinkamutcha mwini ndende. Ndinkabwezera mbale kuti mchere wachepa.

Dokotala anaimba pafoni ya Kamla. Akuti magazi ake ndi ochepa kwambiri ndipo thupi ndi lofooka, ndiye matenda apeza pofewa. Akuti jakisoni mmodzi uja angamuthandize, koma sangalonjeze kanthu. Ndinafunsa ngati njala ndiyo yachititsa. Anati matendawa amagwetsa ngakhale onenepa, sangaloze chinthu chimodzi, koma munthu wosadya amalowa pankhondo ali wotopa kale.

Za jakisoni, palibe anandikoka. Ndinapita ndi miyendo yanga, umodzi wabwino umodzi wowola. Ngati n'chifukwa chake watseka dzanja, wandilanga ine kudzera mwa mlongo wako. Sindinakulere choncho.

Pakhomo pano amanga nsalu yachikasu. Kalatayi ndiponya pampanda, Kamla aona mmene angaitumizire.

Mayi ako,
Torika

Sawani, 31 Julayi 2021

Amayi,

Makalata awiri, ya Makelesi ndi yanu, afika limodzi dzulo. Ndawerenga nditaimirira pamsewu.

Sindinama. Loweruka loyamba lija ndi ine. Sainimili anali atathyola kale bele, atamanga thumba, ine ndinati lisapite, aphunzire kumvera. Ndinati sabata imodzi yokha. Sainimili anandiuza kuti, "Masambawa akafota, mudya ndinu." Ndinadya, masiku atatu, iye osandilankhula.

Lachitatu lotsatira Sekove anadwala. Anamuyeza, kolona. Mudzi wonse anautseka, pamlatho anaikapo asilikali, munthu osatuluka, thumba osatuluka. Ndinakwera phiri kasanu, foni ya Makelesi osalowa. Ndinkati wandizimira dala. Ndinapempha asilikali kuti angotenga thumba lokha, anakana. Sabata yoyamba ndi ine, Amayi, enawo ndi msewu. Koma ndikanatumiza loyamba lija, ndikanaikamo dalo ndi chinangwa zokwana masabata awiri, monga ndinkachitira. Zimenezi sindikuzithawa.

Mandimu ndi jinja sanatitchinge. Nyumba khumi ndi imodzi zinadwala. Sekove wachira koma akuyenda ndi ndodo. Amalume a Eroni tinawaika Lachisanu lapitalo, anthu asanu okha pamanda, atakulungidwa m'pulasitiki. Iwo ndi amene ankatiuza za dzanja louma la ku Nausori. Manesi atabwera pamlatho Lolemba, ine ndi Sainimili tinabayitsa.

Mudzi autsegula dzulo. Lero ndabwera ndekha ndi lole ya mudzi wa kutsidya, matumba awiri. Limodzi ndi lanu, lina ndi la a Kamla. Ndalemba kalatayi pa Sawani pomwe pano, pa bondo. Nyumba za ku Nasinu sindikuziona koma ndikudziwa mbali yake. Wapolisi wandiuza kawiri kuti ndibwerere kuseri kwa chingwe.

Nambala ya a Kamla mundilembere. Ndizikwera phiri m'mawa uliwonse. Kaya ndi nkhani yotani, mundiuze, musandibisire.

Mwana wanu,
Peniasi

Nasinu, 14 Ogasiti 2021

Peniasi,

Zimene ndinakuuza pafoni Lachinayi zasintha, ndiye ndikulemba. Tsiku lija akuchipatala anati mpweya wa Makelesi akuuwonjezera. Dzulo masana aimbanso kuti ayamba kuuchepetsa, ndipo wamwa msuzi theka la kapu. Sanalankhulebe ndi ine, akuti mawu sakutuluka.

Nsalu yachikasu aichotsa. Ndinafunsa ngati amalola chakudya cha kunyumba, anati tikasiye pageti dzina litalembedwa. Ndiye ndikuphika ndine. Msuzi wa nsomba ndi bele, dzira limodzi, papaya wodula. Mwamuna wa Kamla amakasiya popita kuntchito. Kontena ya Lachitatu inabwerera yosatsegula. Ya dzulo yabwerera yopepuka. Ndinaitsegula n'kuyang'anamo nthawi yaitali ngati muli kalata.

Usaleke kutumiza. Kai achuluke, akuti amawonjezera magazi. Za kulira pafoni usiye, umandithera mayunitsi a eni ake.

Mayi ako

Nasinu, 11 Seputembala 2021

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Ndine Makelesi, ndikulemba ndekha.

Ndinatuluka masabata awiri apitawo. Sindinalembe msanga chifukwa sindinkadziwa kuti ndikulembereni chiyani. Kalata imene munalembera Amayi pa Sawani ndaiwerenga. Ndili m'chipatala muja ndinakukwiyirani kwambiri, ndinkakonza mawu oti ndidzakuuzeni, ena oti simukanawaiwala. Bedi la kumanja kwanga linasintha anthu atatu ine ndili pomwepo, ndipo palibe anatuluka ndi miyendo yake. Pofika wachitatu mawu aja ndinali nditawataya.

Komanso mlandu wina ndi wanga. Dokotala ponditulutsa anandifunsa kuti ndinkadya chiyani. Nditamuuza anati, "Ndiye munkadziwa zonse za chakudya cha mayi anu, za inu nokha ayi?" Zimene a Sisita ananena ndinkaziona ngati mankhwala a Amayi, oti ine wabwinobwino ndikadyako ndawabera. Sindinaganize kuti ndikagwa ine, wowaphikira palibe. Ndikanakuuzani poyera kuti thumba limodzi silikukwanira anthu awiri, koma ndinaopa kuti mudzati ndikupempha mopitiriza.

Chilonda cha Amayi chatseka. Phazi lilipo lonse. Anabayitsa wachiwiri, ine andiuza kuti ndidikire kaye pang'ono. Tsopano ndende yasintha mwini. Amakhala moyang'anana nane, mbale ziwiri zofanana, ndipo sayamba kudya ine ndisanameze. Dzulo ndinasiya bele pang'ono.

"Maliza."

"Ndakhuta, Amayi."

"Unakhuta mwezi wa Juni. Maliza."

Wailesi ikuti msewu autsegula posachedwa. Ndinawauza kuti akonzeke, mudzawatenga akaone nkhumba zawo. Akana. Akuti sachoka mpaka siketi yanga itakhala m'chiuno yokha.

Ndiye bwerani inuyo. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kamalo kamene ndimayanikapo zovala, masitepe asanu ndi limodzi m'litali, anayi m'lifupi. Nthaka yake ndi yolimba, muli miyala ndi mabotolo osweka, ine sindingathe kuitipula panopa. A Kamla akuti atipatsa nthambi ya chamwamba. Mubweretse mbewu zimene alamu angasankhe, ndi manyowa thumba limodzi.

Mubwere ndi khasu lanu. Kuno kulibe.

Ndine mlongo wanu,
Makelesi